Ng'oma imene inagona kudenga

Patatha miyezi iwiri chiwombereni namondwe wa Freddy, amene anasakaza Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi maboma ena a kummwera mu Malichi 2023, tinagwirizana pabanja pathu kuti tisasule denga la nyumba ya anganga, chifukwa khoma la kumadzulo linali litapendekeka ndipo tinkaopa kuti lingawagwere usiku. Ndinakwera pamwamba ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene nthawi imeneyo anali mu Fomu 2. Titachotsa udzu wa mbali imodzi, tinapeza ng'oma itagonekedwa pamtanda, itakulungidwa m'thumba la feteleza, ili bii ndi mwaye wa zaka zambiri. Chikopa chake chinali chitang'ambika pakati ndipo makoswe anali atadya m'mphepete monse, koma mtengo wake unali wolimba, wosafumbwa ngakhale pang'ono.

Titaitsitsa, anganga anaiyang'ana nthawi yaitali osanena kanthu, kenaka anaisisita ndi dzanja monga mmene mayi amasisitira mwana wodwala, nayamba kulankhula m'Chilhomwe. Mphwanga anatembenukira kwa ine n'kufunsa kuti, "Amalume, anganga akuti chiyani?" Ndinatolapo mawu owerengeka okha, ndipo chimene ndinamva n'chakuti ng'omayo inali ya malemu amuna awo, amene ankaimba pa tchopa, gule wa Alhomwe, mayi anga asanabadwe. Zina zonse zinandidutsa. Pabwalo paja panaima anthu atatu a magazi amodzi, woyamba wodziwa chiyankhulo chonse, wachiwiri wongotola nyenyeswa, wachitatu wosamva ndi liwu limodzi lomwe. Monga mwa mwambo wathu, ine ndine mwini mbumba, ndipo tsiku limenelo ndinaona poyera kuti pa zonse zimene malume amayenera kupatsira ana a alongo ake, m'manja mwanga munali fizi ya sukulu yokha.

Kutayika kumeneku sikunayambe ndi ife. Makolo athu anachokera ku Mozambique, kudera lozungulira phiri la Namuli, ndipo ambiri analowa kuno chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, pothawa njala, msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Anapeza Amang'anja ndi Ayao atakhazikika kale, malo ambiri achonde ali m'manja mwa azungu a maesiteti, kotero kuti wobwera ankapeza pomanga pokhapokha atavomera thangata, ndiko kugwirira ntchito mwini malo m'malo mwa lendi. Amihavani, Amanyawa, Atakhwani, Akokhola, Amarenje ndi ena onse anawaunjika pamodzi n'kuwatcha dzina limodzi lachipongwe lakuti Anguru, ndipo zinatengera khama la anthu monga Lewis Bandawe, m'zaka za m'ma 1940, kuti boma la atsamunda lileke kulemba dzinalo m'makalata ake. Komabe dzina likachoka papepala silifulumira kuchoka m'kamwa mwa anthu. Anganga amasimba kuti pa sikelo ya tiyi munthu akalankhula Chilhomwe ankasekedwa, motero amayi ambiri anasankha kulera ana awo m'Chinyanja kuti asadzanyozedwe monga iwo ananyozedwera. Pamene Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, sukulu ndi wailesi zinangotsiriza ntchito imene manyazi anali ataiyamba kale. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Alhomwe ndi anthu pafupifupi 19 mwa 100 alionse m'Malawi, mtundu wachiwiri kukula pambuyo pa Achewa, koma m'mudzi mwathu anthu olankhula Chilhomwe chosasakaniza ndingawawerenge ndi zala za manja anga, ndipo onsewo ali ndi imvi. Sindikunena izi modandaula ndi Chichewa, pakuti ndicho chiyankhulo chimene ndimapempherera ndi kulota nacho. Ndikungonena kuti m'nyumba mwathu munali malo okwanira ziyankhulo ziwiri, ndipo chimodzi tinachitulutsa pabwalo popanda mlandu.

Aliyense wokhala m'munsi mwa phiri la Mulanje akudziwa njira zimene mnyamata kapena mtsikana amaona patsogolo pake sukulu ikatha kapena ikamukanika. Ena amasenza dengu kumsana kukatchola tiyi m'miyezi ya mvula, ntchito imene imachepa chilimwe chikafika. Ena amapalasa kabaza kapena kuyendetsa njinga yamoto ya munthu wina. Ena amagulitsa nanazi ndi mapeyala m'mbali mwa msewu wa ku Limbuli. Ndipo ambiri maso awo ali ku Joni. Minda inagawidwa mpaka inatsala timizere, chifukwa anthu tachuluka pamene malo aakulu ali pansi pa tiyi. Mwa achinyamata amenewa muli oimba, osema, ojambula ndi opeka nkhani, koma palibe khomo limene angagogode masana a Loweruka n'kupeza munthu wowayembekezera, kupatula nyumba yoonetsa kanema ndi malo obetcherana pa mpira.

Ng'oma ija ndiyo inatitsegulira khomo loterolo, ngakhale kuti sitinachite kukonzekera. M'mudzi woyandikana nafe muli bambo wina wachikulire amene akadali ndi luso lokuta ng'oma, ndipo titamupempha anavomera, koma anaika lamulo limodzi lakuti iye adzangolankhula, manja adzakhala a mnyamatayo. Tinagula chikopa kwa opha mbuzi kumsika, mphwanga anachiviika m'madzi usiku wonse, m'mawa nachipala ubweya ndi mpeni mpaka chinayera. Atachiyala pakamwa pa ng'oma, mkuluyo anamuuza kuti asakhome zikhomo mondondozana, koma chimodzi uku china kutsidya, moyang'anizana, kuti chikopa chikokedwe mofanana mbali zonse. Zikhomozo anasema yekha kuchokera ku nsungwi youma. Kawiri konse anakhoma mothamanga chikopa n'kuchita makwinya, ndipo kawiri konse mkuluyo anamuuza mofatsa kuti, "Zula, mdzukulu wanga, ng'oma siimva changu." Inauma masiku atatu pamthunzi, osati padzuwa. Tsiku lachinayi anasonkha moto wa mapesi, mphwanga nayamba kuiwamba, akuitembenuza pang'onopang'ono ndi kuigogoda ndi chala, mkuluyo atatseka maso kumvetsera, mpaka pamene anakweza dzanja kuti basi. Pomaliza anamata phula pakati pa chikopa kuti mawu atsike, ndipo pamene mphwanga anaimenya ndi chikhatho chonse, ana amene ankasewera mpira wa mapepala kumunsi kwa mjigo anasiya mpira wawo n'kuthamangira kwathu.

Kuyambira pamenepo timakumana Loweruka lililonse masana, ndipo tsopano achinyamata obwera mosaphonya amapitirira 20. Si onse amene ali Alhomwe. Muli ana a Amang'anja ndi a Ayao, ena a kutchalitchi ena a kumzikiti, ndipo sitifunsa munthu mtundu wake pakhomo. Chimene tinakana kuyambira tsiku loyamba ndi nsalu ya chipani chilichonse pabwalo, chifukwa tinaona m'malo ena magule atasanduka katundu wa misonkhano ya ndale, ovina n'kumadana chisankho chikatha.

Tchopa, amene akuluakulu ena amamutcha soopa, si gule wamba. Makolo ankamuvina pokondwerera zokolola zambiri kapena ulenje umene wayenda bwino, komanso pothira nsembe kwa mizimu kukagwa chilala kapena mliri. Amafuna ng'oma zitatu za misinkhu yosiyana, ovina amazungulira ndi kumadutsana, amuna ndi akazi pamodzi, ndipo ena amabereka kumsana mitolo ya zikopa za nyama, zida za ulenje, makasu ndi ziwiya zakale za kukhitchini. Mu 2014 bungwe la UNESCO linamulemba pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu a pa dziko lonse, monga linachitira ndi Gule Wamkulu ndi Vimbuza. Ulemu umenewu ndi weniweni, koma satifiketi siiwamba ng'oma ndipo siiphunzitsa mwana poponda phazi. Zimenezo zimachitika pafumbi, pakati pa munthu wodziwa ndi munthu wofuna kudziwa.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti achinyamatawo sanakhutire ndi kubwereza zakale zokha. Atsikana anayi anapeka nyimbo yonena za usiku umene madzi, matope ndi miyala zinatsika m'phiri, n'kutchulamo Napolo, dzina limene makolo ankapatsa chigumula chotero, limene a ku Phalombe sanaliiwale chichitikire ngozi ya mu 1991. Ndime zake anaziika m'Chichewa, koma kolasi anakapempha kwa anganga kuti awapatse m'Chilhomwe, ndipo anakhala nawo pamkeka madzulo atatu mpaka lilime linawongoka. Mnyamata wina, pokonza mtolo wake wovinira, anamangamo foni yakufa, nyali ya sola yosweka ndi chidutswa cha lata limene mphepo inalipinda, ndipo mkulu wina atamufunsa chifukwa chake, anayankha mwaulemu kuti, "Agogo, inu munkabereka zimene munkakhala nazo, ifenso tabereka zathu." Anyamata ena anajambula kulira kwa ng'oma pa foni n'kupita nako ku situdiyo yaing'ono ya pa tauni, kumene anakusakaniza ndi kiyibodi, nyimboyo n'kuyamba kuyenda pa WhatsApp mpaka kwa abale athu a ku Johannesburg.

Apa panabuka mkangano, ndipo ndikufuna kuufotokoza mwachilungamo chifukwa mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo. Akuluakulu ena ananena kuti tchopa ali ndi nyimbo za nsembe zimene siziyenera kulira m'malo omwera mowa kapena kuvinidwa ndi munthu wongofuna kuonekera pa Facebook. Achinyamata anayankha kuti ngati saloledwa kuikamo mawu awo, ndiye kuti akuitanidwa kudzalondera manda osati kudzalandira cholowa. Nkhaniyi inafika kwa amfumu, amene anatiitana tonse pansi pa mtengo, namvetsera mpaka dzuwa kupendeka. Chigamulo chawo chinali chakuti nyimbo za nsembe zikhale m'manja mwa akuluakulu, ziphunzitsidwe pakamwa kwa amene akhwima maganizo ndipo zisajambulidwe, pamene nyimbo za chisangalalo ndi kamenyedwe ka ng'oma achinyamata achite nazo monga luso lawo liwatsogolera, pakuti gule ndi wa aliyense, kulakwa n'kuthyola mwendo. Ine ndimaona kuti chigamulochi n'chimene chinapulumutsa gulu lathu, chifukwa chinapatsa akuluakulu ulemu wawo popanda kumanga achinyamata manja.

Anthu akamva mawu akuti thandizo amaganiza za galimoto yoyera ya bungwe ndi ndalama zochokera kunja, koma thandizo limene latisunga ife lachokera mtunda wosapitirira pamene ng'oma imamvekera. Amfumu anatipatsa bwalo. Aphunzitsi aakulu a pasukulu ya pulayimale amatitsegulira kalasi mvula ikamagwa. Amayi a banki mkhonde, pogawana ndalama zawo kumapeto kwa chaka, anapatula pang'ono zogulira chikopa cha ng'oma yachiwiri, ndipo mwini okala ina amatchaja foni ya gulu pa sola yake osalipiritsa. Chovuta kwambiri chinali kupempha makolo kuti amasule atsikana, popeza Loweruka masana ndi nthawi yotunga madzi, yochapa ndi yopita kuchigayo, ndipo mnyamata amangonyamuka pamene mlongo wake amayenera kupempha. Tinayenda khomo ndi khomo, ine ndi amayi awiri achikulire, ndipo tinalonjeza kuti mtsikana aliyense azifika pakhomo dzuwa lisanalowe, lonjezo limene sitinaliphwanyepo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, anatero akale, ndipo ndaona mawuwa akugwira ntchito pamene mayi wopanda mwana m'gululi akutibweretsera mphika wa kalongonda umene wauphika tsiku lathunthu, akutaya madzi ndi kuthira ena kuti usaledzeretse ana a eni.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandipweteka mpaka lero. Bungwe lina linatiitana kukavina pamwambo wolandira alendo ake. Ana anadzuka m'mamawa, tinachita kusonkherana ndalama ya galimoto, ndipo anadikira padzuwa atavala zovinira kuyambira m'mawa mpaka cha m'ma 2 koloko masana. Anavina mphindi zosakwana 15, alendo anawajambula kwambiri, kenaka aliyense anapatsidwa botolo la chakumwa ndi banzi limodzi, pamene mwini zokuzira mawu ndi mwini matenti analandira malipiro awo onse. Pobwerera m'galimoto munali zii. Mwana amene wachitiridwa zotere amaphunzira phunziro limene palibe angamufafanizire, lakuti chingwe cha magetsi chili ndi mtengo koma luso la makolo ake ndi laulere. Kuchokera tsiku limenelo tili ndi mtengo wathu umene timaunena tisananyamuke, tili ndi kope limene msungichuma wathu, mtsikana wa Fomu 4, amalembamo ndalama iliyonse, ndipo gawo loyamba limapita kwa akuluakulu otiphunzitsa, chifukwa nawonso amasiya madimba awo kuti akhale nafe. Opeka nyimbo tawalangiza kuti akalembetse ntchito zawo ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zaluso, kuti mawa wina asadzakolole pamene sanalime.

Ku Chonde ndimapitako. Chiyambireni Mulhako wa Alhomwe, umene unakhazikitsidwa kumeneko mu 2008 motsogozedwa ndi malemu Bingu wa Mutharika, mwezi wa Okutobala wakhala nthawi imene munthu amanena poyera kuti ndine Mlhomwe osayang'ana pansi, ndipo amene anakula akubisa mtundu wake amadziwa kulemera kwa zimenezi. Ndinaona misozi m'maso mwa anganga pamene khamu lonse linayankha kuti "Noophiya!", kutanthauza kuti tafika. Komabe mawu akuti mulhako amatanthauza khomo, ndipo khomo ndi polowera, si pokhala. Chaka chili ndi masiku 365, ndipo mwana amene wavina tsiku limodzi n'kubwerera kumudzi kumene kulibe womuphunzitsa adzafika Okutobala winayo ali ndi nsalu yatsopano koma mawu ake a Chilhomwe ali omwe aja. Ndimalakalaka gawo laling'ono chabe la ndalama zimene anthu akufuna kwabwino amasonkha pokonzekera tsikulo likadapita kwa agogo a m'midzi amene angaphunzitse ana sabata ndi sabata.

Pa nkhani ya chiyankhulo ndinaphunzira kanthu kwa Amaori, eni nthaka a ku New Zealand, amene chiyankhulo chawo chinatsala pang'ono kuzimirira chifukwa ana ankalangidwa akachilankhula kusukulu. Mu 1982 anayambitsa timasukulu ta ana aang'ono totchedwa Kōhanga Reo, kutanthauza chisa cha chiyankhulo, mmene agogo ankakhala ndi tiana tsiku lonse akulankhula nato Chimaori chokhachokha. Mbiri yawo ndi yosiyana ndi yathu, ndipo sindikufuna kuyerekeza mabala, koma nzeru yawo ikutikwana, chifukwa sukulu za mkombaphala tili nazo kale pafupifupi m'mudzi uliwonse, ndipo agogo tili nawo. Tsopano anganga ndi anzawo awiri amapita ku mkombaphala wa kwathu kawiri pa sabata kukaimba ndi kusimba nthano, achinyamata a gulu lathu n'kumajambula mawuwo pa foni, kuwalemba m'kope ndi kujambula zithunzi zoyenda ndi nthano iliyonse. Bungwe la United Nations linapatula zaka za 2022 mpaka 2032 kuti zikhale zoteteza ziyankhulo za makolo, koma anganga anga sangadikire mpaka 2032, ndipo n'chifukwa chake nthano zimene tajambula tazisunga pa makhadi a foni atatu m'nyumba zitatu zosiyana.

Makolo ena amandifunsa, ndipo ali ndi ufulu wofunsa, ngati ng'oma idzadyetse mwana wawo. Sindiwalonjeza zimene sindingathe, koma ndimawaonetsa makomo amene alipo. Mu Julayi 2025 UNESCO inalemba phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, osati chifukwa cha kutalika kokha kwa nsonga yake ya Sapitwa, imene imafika mamita 3,002, koma chifukwa cha zikhulupiriro ndi miyambo ya Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe imene yazungulira phirili. Mlendo wokwera kuchokera ku Likhubula adzafuna womuperekeza wodziwa njira, komanso wodziwa kufotokoza chifukwa chake Dziwe la Nkhalamba lili ndi dzina limenelo ndi chifukwa chake makolo ankalowa m'phiri mwaulemu, ndipo mnyamata amene anakhala pamkeka ndi agogo ake adzaposa amene anangoloweza za m'kabuku. Ku Thyolo, pa Ndata, yunivesite ya MUST ili ndi sukulu ya chikhalidwe yotchedwa Bingu School of Culture and Heritage, kumene amaphunzitsa za nyimbo za ku Africa ndi nzeru za makolo mpaka digiri, chinthu chimene ana athu ambiri sanamvepo ngakhale kuti ndi ulendo waufupi pa minibasi. Amene manja awo amakonda mtengo angathe kudzera ku maphunziro a ntchito zamanja a TEVETA, ngakhale kuti osema a m'tsogolo ayenera kuzolowera mitengo ina, popeza mkungudza, mtengo wa fuko lathu umene kwawo kwenikweni ndi phiri lino lokha, watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha macheka ndi moto, ndipo ntchito imene yatsalira mbadwo uno ndi youdzala.

Mphwanga analemba mayeso a Fomu 4 chaka chino. Mnzake amene ali ku Joni amamuimbira foni kawirikawiri kuti malo ogona alipo, ndipo ine sindinamuletse, chifukwa ndikudziwa mmene thumba la feteleza lakwerera ndi mmene mayi ake akuvutikira. Ndinangomupempha kuti, kaya apita kaya atsala, asachoke asanaphunzitse wina zimene mkulu uja anamuphunzitsa, ndipo anavomera. Pakali pano tili ndi ng'oma ziwiri, yachitatu timagwiritsa ntchito chigubu cha mafuta ophikira, chimene anganga amati chimawapweteka m'makutu. Sabata yatha amfumu anatiloleza kutenga chipika cha mtengo wa mango umene unagwa ndi mphepo kuseri kwa sukulu, ndipo anyamata anachigubuduza mpaka pabwalo. Loweruka likubwerali tiyamba kuchigoba ndi sompho, ndipo amene wapempha kuti agwire koyamba ndi mmodzi wa atsikana anayi aja, mphwanga ataima pambali pake kumuuza pokhapa.